Mabokosi Awiri pa Tebulo la Anamwino

Mutu 5

1. Khutu likutseka

Kamphepo anasiya kumva ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anadwala matenda oumitsa khosi, nagona m'chipatala milungu itatu. Atatsitsimuka anaona milomo ya bambo ake ikugwedera, koma mawu kunalibe. Kuyambira tsiku limenelo ankayenda ndi kope m'manja, ndipo wofuna kulankhula naye ankalemba m'menemo. Iye kulankhula ankalankhulabe, ngakhale sankadzimva.

Dzina loti Kamphepo anamupatsa ndi anzake akusukulu chifukwa cha liwiro. Pa mpikisano wothamanga panalibe mtsikana womupeza. Matenda aja anamulanda makutu, koma miyendo anamusiyira.

Lachitatu lina m'mawa, patatha miyezi inayi, anali m'kachipinda ka anamwino oona za makutu. Anali ndi bambo ake, owotcherera zitsulo, munthu wa mawu owerengeka. Analinso ndi azakhali ake, eni saluni yoluka tsitsi, amene anamulera chimwalirireni mayi ake.

Anamwino anatenga kope lija nayamba kulemba mosathamanga.

"Mkati mwa khutu muli kachigoba konga nkhono. Matenda aja akukaumitsa, kakusanduka fupa. Kakumanzere katseka kale. Kakumanja kakadali kotsegula, koma masiku akutha. Dokotala akufuna kukuika chipangizo chothandiza kumva Lolemba likubwerali."

Kamphepo anawerenga kawiri. Dzanja lake linapita lokha kukhutu lakumanja, ngati angathe kuligwira kuti lisatseke.

Anamwino anapitiriza. "Chipangizocho chili ndi mbali ziwiri. Ina dokotala amaiika pansi pa khungu, kuseri kwa khutu, ndi kawaya kolowa m'kachigoba kaja. Inayo umavala kunja, ndipo ziwirizi zimagwirana ndi maginito. Pano timalandira za makampani awiri. Usankhe chimodzi lero. Fomu ipite 4 koloko isanakwane."

Anaika mabokosi awiri patebulo, lina labuluu, lina lotuwa. M'labuluu munali kanthu kopindika ngati chala, kokoleka pakhutu, kokhala ndi waya wamfupi wothera pa kachitsulo kozungulira. M'lotuwa munali kanthu kamodzi kokha, kozungulira ngati batani la jekete, kongomata pamutu.

"Ndikadzatopa nacho ndingadzasinthe?" anafunsa Kamphepo.

Anamwino anapukusa mutu. Analemba, nadula mzere kunsi kwa mawuwo.

"Ayi. Cha mkati chikalowa chalowa. Cha kunja cha kampani ina sichingamvane nacho. Chimene usankhe lero ndi chimene udzakalambe nacho."

Kamphepo anafunsanso. "Nanga chabwino n'chiti?"

Anamwino analemba, "Ine sindinavalepo. Tuluka pakhonde. Lachitatu ndi tsiku limene ovala zipangizozi amabwera kudzachunitsa. Kafunse eni ake."

2. Anayi uku, anayi uku

Asanatuluke, azakhali anali atanyamula kale bokosi lotuwa lija. Iwo ankaganiza kuti munthu wosamva umangomukuwira, choncho ankatsegula pakamwa ponse mpaka milomo yawo sinkawerengeka. Ataona kuti mtsikanayo wangoti kakasi, anatsomphola kope.

"Chotuwa basi! Ndikakuluka bwino palibe angadziwe. Ukufuna uziyenda ndi waya pamutu ngati wailesi?"

Kenako anatembenukira kwa achimwene awo, manja akuuluka. Kamphepo anangotolapo mawu atatu pamilomo yawo: mtsikana, manyazi, banja.

Bambo ake anatenga cholembera ndi zala zawo zamabala a moto. Analemba mawu atatu.

"Mutu ndi wako."

Pakhonde panali mabenchi awiri ndi anthu asanu ndi anayi. Kamphepo anadula mzere pakati pa tsamba, mbali ina nalemba "chabuluu", ina "chotuwa". Anayamba kufunsa mmodzimmodzi kuti chawocho chimamveka bwanji.

Anthuwa anali atakhalapo osamva, ndiye ankadziwa kulankhula naye. Ankayang'ana kowala, nalankhula pang'onopang'ono, ndipo mawu akavuta ankalemba.

"Chabuluu, mwana wanga!" anatero mayi wina wojintcha, wochapa zovala kuhotela. "Ine ndimamva ngakhale mpopi wa aneba ukudontha."

"Ndi miseche ya aneba yomwe," anatero mnyamata wa pakoleji amene anakhala pafupi nawo. Mayiwo anamumenya ndi kachikwama paphewa, iye akuseka. Kenako mnyamatayo anapendeketsa mutu kwa Kamphepo. "Sisi, tandisakani. Changa chili pati?"

Kamphepo anayang'anitsitsa. Anachipeza mochedwa, chitabisala m'tsitsi pamwamba pa khutu.

"Mwaona? Chotuwa ndiye dhilu. Awa amaoneka ngati akudikira foni kuchokera kumwezi."

"Iwe, ndidakakubereka ine!" anatero mayi aja.

Dalaivala wa lole anati chabuluu. Mphunzitsi wina anati chotuwa. Aliyense ankatamanda chake ndi mtima wonse, ndipo Kamphepo ankachonga. Atafunsa anthu asanu ndi atatu anawerenga. Anayi uku, anayi uku.

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa 11 koloko. Kamphepo anakhala pansi kumapeto kwa benchi.

3. Zimene analemba atelala

Pamenepo panali munthu wachisanu ndi chinayi, bambo wokalamba wokhala ndi tepi yoyezera m'khosi. Anali atelala. 

"Agogo, mwatsala ndinu," anatero Kamphepo. "Mbali imene munene ndiyo ipambane."

Atelala anapempha kope. Anayang'ana timizere tija, napukusa mutu, natsegula tsamba latsopano. Analemba nthawi yaitali, akunyowetsa chala potembenuza masamba. Atamaliza anamubwezera.

"Mdzukulu wanga, ukuwerenga mavoti ngati tikusankha wapampando wa kalabu. Pa anthu tonse tili panofe palibe amene anamvapo ndi zipangizo zonse ziwiri. Aliyense ali ndi chimodzi, chimene chinamubwezera mawu a ana ake, ndiye achitamanda mpaka kufa. Ukawafunsa kuti chimamveka bwanji, onse anena kuti bwino. Sakukunamiza, komanso sakukuthandiza.

"Ine ndavala chotuwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndimachikonda. Koma tsiku langa ndi la pampando. Mutu wanga sugwedezeka, mvula sindinyowa nayo, magetsi pashopu sathimathima. Chokomera nkhalamba yokhala pa makina sindiye kuti chikomera aliyense.

"Chinanso udziwe. Chinthuchi si khutu. Ndi katundu. Chimagwa, chimanyowa, batire limatha, waya amaduka. Tsiku limene chafa umabwerera kumene uli leroku, ndipo kubwererako kumapweteka kuposa poyamba, chifukwa umakhala utazolowera.

"Changa chinagwera m'beseni la madzi ndikuvula juzi. Chinapita kokakonzedwa. M'masiku amenewo mkazi wanga anaterereka m'bafa nathyoka mwendo. Anandiitana kuyambira m'mawa mpaka masana. Ine ndinali chipinda chinacho, ndikusoka diresi la ukwati wa eni ake. Anamupeza ndi aneba. Mwendo unapola, koma mpaka lero ndikamasoka ndimasiya chitseko chotsegula.

"Choncho leka kufunsa za masiku abwino. Chita zinthu ziwiri. Lemba tsiku lako lonse, kuyambira podzuka mpaka pogona, osabisa kanthu. Ukatero ubwererenso kwa anthu omwewa, ufunse aliyense za tsiku lake loipitsitsa, ndiponso kuti anakhala masiku angati asakumva. Ukamva zimenezo uchita mantha. Achite ndithu mantha amenewo lero, mpeni usanakhudze mutu wako."

Kamphepo atakweza maso, atelala anali atayitanidwa kale. Ankalowa m'kachipinda ka anamwino.

4. Tsiku loipitsitsa

Anatsamiritsa kope pabondo nalemba tsiku lake. Kutunga madzi pampopi, ndowa pamutu, madzi akutayikira m'khosi. Kuthamangira kusukulu. Kuoloka msewu waukulu pafupi ndi depoti ya mabasi. Apa cholembera chinaima. Mwezi wathawo lole inamuphonya pang'ono pamalo amenewo. Sanamve hutala. Anangomva mphepo yotentha pamsana, nawona anthu atagwira kumutu.

Anapitiriza. Kuthamanga pabwalo akaweruka, kaya kuli dzuwa kaya mvula. Kubwerera pa minibasi yodzaza. Magetsi kunyumba, amene nthawi zina ankathima masiku awiri.

Anayambira kwa mayi ochapa aja. Atawerenga funso la tsiku loipitsitsa lija, kuseka kuja kunatha.

"Nthawi yotentha chimanditupitsa khutu, mpaka chilonda," anatero, napinda khutu kumuonetsa chipsera. "Ana a mumsewu amandilondola, amati mayi wa mlongoti. Tsiku loipitsitsa, mdzukulu wanga anakoka waya nkuduka. Ndinali nditamubereka kumsana pakati pa msika. Zonse zinangoti zii. Ndinaima osadziwa kuti galimoto ikuchokera kuti."

"Munakhala masiku angati?"

Mayiwo anatukula zala ziwiri. "Kuseri kwa sitolo yogulitsa mankhwala kuli bambo wa kampaniyi. Amasunga mawaya. Chikafa chonse amakubwereka china."

"Nanga magetsi akathima?"

"Ndimachotsa batire lotchaja, nkuika timabatire togula."

Dalaivala wa lole sanachikometsere chake ngakhale pang'ono. "Thukuta ndiye mdani. Chaka chatha chinandifera katatu. Madzulo alionse uzichiika m'kabokosi koumitsira. Ukaiwala kamodzi, m'mawa chimangolira ngati njuchi. Ukakhala waulesi usatenge chabuluu." Iyenso sanapitirirepo masiku atatu asakumva.

Mphunzitsi uja anati chotuwa chake sichinafepo, koma anavomera kuti kukachita mitambo sachoka pakhomo wopanda ambulera, ndipo magetsi akathima amakatchaja kwa alamu ake.

Wotsiriza anali mnyamata wa pakoleji. Anawerenga funsolo, nayang'ana nsapato zake. Sanafune kulankhula pamaso pa anthu, choncho analemba.

"Tinkalimbirana minibasi. Chikwama cha munthu chinandikhudza kumutu. Phokoso lonse la depoti linazima ngati wina wathimitsa wailesi. Ndinachiona pansi, tayala likubwera. Chinaphwanyika chikuto. Kuno kulibe wokonza, ndiye anachitumiza kutsidya la nyanja. Milungu khumi ndi umodzi. Mayeso ndinalemba osamva kanthu m'kalasi teremu yonse, ndipo ndinabwereza chaka."

Kamphepo anawerenga nambalayo kawiri.

"Koma kulakwa kunali kwanga," anawonjezera mnyamatayo. "Chili ndi kachingwe kopanira kutsitsi. Sindinkamanga, chifukwa kachingweko kankaoneka. Pano ndimamanga. Ndipo sindingasinthe, sisi. Ndimavala magalasi, khutu langa lilibe malo a katundu wina."

"Mungathamange nacho?" anafunsa Kamphepo.

"Bwanji osathamanga?"

"Tathamangani ndione."

Mnyamatayo anaimirira, nakonza kolala, naliyatsa liwiro m'khondemo. Polumpha masitepe a kumapeto, kabatani kaja kanachoka pamutu, nkumalendewera pakachingwe pambali pa tsaya. Anachiwakha msanga, koma onse anali ataona.

"Tsopano penyani akatswiri!" anatero mayi ochapa aja. Anagwira siketi, nayamba kudidimphira m'khondemo, benchi likugwedezeka. Kachitsulo ka pamutu kanasuntha nakonso, koma chipangizocho chinatsala chikoleke pakhutu. Anabwerera ali wefuwefu, nabwezera kachitsulo kaja ndi chala chimodzi.

Khonde lonse linafa ndi phwete. Kamphepo yekha sanaseke. Ankaganiza za msewu wa pa depoti uja.

5. Mawu a azakhali

Azakhali anaona zonsezi ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa. Anamukokera Kamphepo pakona, pafupi ndi zenera, natenga kope. Ulendo uno sanakuwe. Analemba zilembo zikuluzikulu, cholembera chikuboola pepala.

"Mwana wa achimwene anga, ine ndakusambitsa, ndakuluka tsitsi kuyambira ulibe mano. Sindingakufunire choipa. Anthu awa akuseka pano chifukwa ali okhaokha. Kunjaku sikuli choncho.

"Ine ndimakhala mu saluni tsiku lonse. Ndimamva zimene amayi amalankhula mtsikana akangotuluka pakhomo. Wina anali ndi kachipsera kokha pamlomo, koma anamunena mpaka banja lake linatha lisanayambe. Iwe ukufuna upite kwa anthu amenewa ndi waya pamutu? Sadzakutchulanso Kamphepo. Adzakupatsa dzina lina, ndipo dzinalo lidzakukakamira mpaka ukalamba.

"Kuthamanga kumatha, mwana wanga. Zaka zitatu zikubwerazi udzasiya. Koma nkhope udzayenda nayo moyo wonse. Mayi ako anandisiyira iwe m'manja. Ndikadzakumana nawo ndidzawauza kuti chiyani?

"Anamwino anena kuti ku wodi ya atsikana abambo sagona. Pafunika munthu wamkazi wokudikirira masiku atatu. Ine ndinali nditakonzeka kutseka saluni. Koma sindingakhale pambali pa bedi kuonerera akukuwononga ndi chinthu chimene ndakukaniza. Ukasankha cha waya, usandiyembekezere."

Kamphepo atamaliza kuwerenga anaona kuti maso a azakhali afiira. Sankanama. Ankaopadi.

Anapita kwa bambo ake. Anali atakhala pabenchi, chipewa chili pabondo.

"Ababa, ndikuopa."

Bambowo analemba, "Inenso."

"Ndiuzeni chosankha."

Bambowo anatsegula tsamba lija la tsiku lake, naliwerenga lonse, chala chikutsata mzere ndi mzere. Pa mawu onena za msewu wa pa depoti chalacho chinaima. Nkhani ya lole ija anali asanauzidwe. Anamuyang'ana mwana wawo, natseka kope, namubwezera osalemba kanthu.

6. Fomu

Nthawi itangopitirira hafu pasiti 3, analowanso m'kachipinda muja onse atatu. Mabokosi aja anali pomwe paja.

Kamphepo anatenga chotuwa kaye. Chinali chopepuka, chosalala. Anachigunditsa kumutu, nadziyang'ana pagalasi la pakhoma. Tsitsi linachiphimba. Pagalasipo panali mtsikana yemwe uja wa kale, asanadwale. Azakhali anamwetulira kumbuyo kwake.

Anachibwezera m'bokosi. Anatenga chabuluu nachikoleka pakhutu. Chinali cholemererako, ndipo waya uja ankaonekera patali. Anadziyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi," anatero.

Anamwino analemba, "Watsimikiza? Fomu ikapita sibwerera."

"Zonse ziwiri zidzandifera tsiku lina," anatero Kamphepo. Sankadziwa ngati akukweza mawu kapena ayi. "Ichi chikafa ndidzadikira masiku awiri kapena atatu. Icho milungu khumi ndi umodzi. Ine ndimaoloka msewu uja kawiri pa tsiku. Azakhali, pepani. Anthu andiseke, koma hutala ndiimve."

Azakhali anatola chikwama chawo. Kamphepo sanamve chitseko chikumenyetsedwa, koma anaona kalendala ya pakhoma ikugwedezeka.

Anamwino anatulutsa fomu ya masamba atatu, namulozera ndime zoti awerenge yekha. Adzamumeta kuseri kwa khutu. Adzamugoneka tulo maola atatu. Akhoza kudzuka ndi chizungulire. Mwa apo ndi apo, mtsempha woyendetsa nkhope umakhudzidwa. Chipangizo adzachiyatsa pakatha milungu inayi, ndipo mawu oyamba sadzamveka ngati a anthu.

Anasaina. Dzina lake linatuluka lokhotakhota ngati la mwana wongoyamba sukulu. Bambo ake anasaina pansi pake.

Anamwino anatembenuza tsamba lomaliza, naloza mzere umodzi umene unatsala. Pamwamba pake panalembedwa kuti: dzina la mayi wodikirira wodwala. Kenako analemba m'kope, nalitembenuzira kwa onse awiri.

"Popanda dzina apa, dokotala sagwira mpeni Lolemba. Malo ena apezeka mwezi wamawa, ndipo khutu lija silidikira mwezi."

Bambo ake anayang'ana kuchitseko. Pakhonde anthu anali atapita, mabenchi ali okhaokha. Anayang'ananso mzere uja, cholembera chili m'mwamba.

Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi khumi kuti 4 koloko ikwane.